Che Alaudin Asankha Hotela ku Joni

Che Alaudin ndi alamu anga. Anakwatira mlongo wanga Alima kwathu kuno kwa Malemia, ndipo nkhoswe ndine. Golosale yawo ili pa Naisi, m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Mukatsika pamenepo n'kufunsa aliyense, akuuzani kuti ndi bambo wachilungamo. Ine sinditsutsa. Chilungamo ali nacho, chochuluka kuposa chimene banja lingasenze.

Anabadwira kumunsi, njira ya ku Chilwa. Bambo awo anali telala wamitala. Mkazi wamng'ono ankavala zatsopano, mayi awo a Che Alaudin ankavala zidutswa zogwa pansi pa makina. Mwana anaona, n'kulumbira kuti iye akadzakula sadzatero. Wina akanalumbira kuti adzakwatira mkazi mmodzi basi. Iwo analumbira kuti adzakwatira awiri, koma mofanana.

Geni anayamba ndi matemba. Ankawapalasira pa njinga kuchokera ku Kachulu n'kumagulitsa kwa aphunzitsi a ku koleji mwezi ukatha. Matemba anabala benchi la mchere ndi sopo, benchi linabala okala, okala inabala golosale. Golosale itaima bwino anakwatira Rahema, wa kufupi ndi Domasi Mission. Zonse zinayenda m'njira yake, ku mzikiti. Alima anauzidwa nthawi ilipo, ndipo ngati analira, analirira kumunda.

Mkazi aliyense anakhala pamudzi pa kwawo, monga timachitira kuno. Woyenda anali mwamuna, uku masiku akuti, uku masiku omwewo. Zimenezo amachita amuna ambiri. Alamu anga anapitirira pamenepo.

Denga la Alima litayamba kudontha, ndalama zinalipo za denga limodzi. Anagula malata n'kuwagawa pakati. Chaka chimenecho nyumba ziwiri zinaima ndi malata mbali imodzi, udzu mbali inayo. Ya Alima inadonthabe. Ya Rahema, imene inali isanadonthepo, inayamba kudontha polumikizira. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma sanadziwe kuti wovumbwa angakhale mwini phanga.

Maso a Alima atayamba kuchita chifunga, anakawagulira magalasi ku Zomba. Rahema amaona utitiri pa nkhuku ya eni ake ali kutsidya la mtsinje, koma naye analandira ake. Amavala ku maukwati, ndipo akavala amapunthwa.

Tsiku lina ndinawafunsa: "Alamu, wina akadwala malungo, winayo mumakamufunira udzudzu?"

Anandiyankha osaseka: "Mankhwala ndimagula awiri."

Anthu ankawatama. Polangiza anyamata ofuna mitala, dzina lawo linkatchulidwa ngati chitsanzo. Iwo ankaweramitsa mutu ngati sakufuna kumva, koma khutu lili tcheru. Dzina limenelo analikonda kuposa Alima, n'kulikondanso kuposa Rahema, pa mlingo womwewo.

Alima ali ndi mwana mmodzi, Imran. Anapita ku Joni ali mnyamata, amasoka makatani mu shopu ya mmwenye, anakwatira komweko mtsikana wa ku Machinga. Ana awo ndi awiri, Naima ndi Khalid. Alima anali asanawagwirepo. Ankawaona pa foni pokha, akuvina kapena akudya, n'kumasisita galasi ndi chala. Mawondo ake ndi amene anali atatha ndi nyamakazi. Ankayenda ndi ndodo, ndipo popita ku mjigo ankapumira panjira. Chikwatiwire sanapemphe kanthu kwa mwamuna wake. Chimodzi chokha ndi chimene ankanena, kwa ine ndi kwa aliyense womvera: "Miyendo isanafe, ndikawagwire dzanja ana aja, azisewera ine ndili pomwepo."

Imran anamva. Anasunga ndalama nthawi yaitali, kenaka anaimba kuti mu Disembala akufuna atenge ana ake ndi makolo ake apite ku paki ya masewera. Ndi malo amene anthu amalipira kuti awopsezedwe: sitima zoyenda mozondoka, akatungwe a magetsi, gudumu lalikulu lokweza anthu kumwamba n'kuwabweza pomwe anawatenga. Pakiyo ili kutali ndi kumene Imran amakhala, ndipo kwake ndi chipinda chimodzi kuseri kwa shopu. Choncho onse anayenera kugona ku hotela. Nkhani yonse inali yosankha hotela basi. Munthu wamba akanamaliza tiyi asanazizire.

Tinakumana Lachisanu, titatuluka ku mapemphero a Juma, pakhonde la golosale. Alima anabwera pa njinga yamoto, tinachita kumutsitsa. Rahema anabwera wapansi, magalasi atasiya kunyumba. Foni anaitsamiritsa pa botolo la mafuta ophikira, nkhope ya Imran ili m'menemo.

"Ababa, mumve bwino," anatero Imran. "Mahotela ndi atatu, mitengo yake ndi itatu. Yodula ili pa geti penipeni. Chipinda ndi chapansi, mukatuluka mwalowa m'paki, ndipo amabwereketsa mpando wamatayala wokankhira okalamba. Yapakati ili kataliko, koma ili ndi chikepe, simukwera masitepe, basi yawo imakutengani pakhomo. Yotsika ili kuseri kwa msewu waukulu. Ndi yaukhondo, koma chikepe mulibe, zipinda zatsala zapamwamba zokha, ndipo basi mumakakwerera pamtunda. Ine ndi mkazi wanga ndi ana tigona yotsikayo. Inu ndi amayi ndikufuna mugone ya pa geti."

Alima anamwetulira. Mano ake ndinali nditawaiwala.

Che Alaudin anakanda ndevu. "Nanga mayi ako aang'ono?"

Pa foni paja, Imran anakwinya nkhope.

"Ababa, ine ndaitana amayi."

"Ndamva. Ndikufunsa kuti mayi ako aang'ono agona chipinda chiti."

"Ine ndigona kwathu," anatero Rahema. "Wanena kuti ndikufuna ku Joni ndani? Disembala ndi wopalira. Chimanga changa andipalirire ndani?"

"Ndilemba aganyu. Minda yonse iwiri."

"Bambo, ine kukwera mtengo wa mango ndimachita chizungulire. Ndikatani pa gudumu limenelo? Apite akulu akaone zidzukulu zawo. Ine mtima wanga uli mbee."

"Wanu uli mbee. Nanga pakamwa pa anthu?"

Imran anapuma mokoka. "Ababa, ndalama ndi zomwe ndanenazo, sizibereka. Chipinda chimodzi cha pa geti ndi zipinda ziwiri za kuseri kwa msewu mtengo ndi umodzi. Ndikafinya kwambiri, ndingathe chimodzi chapakati ndi chimodzi chotsika. Pasipoti ndi basi ya amayi aang'ono muona nokha."

Alamu anga anatenga foni n'kuyamba kuona zithunzi zimene mwana anatumiza. Ankazikulitsa ndi zala ngati akufuna miyala mu mpunga. Anawerenga mapilo. Anafunsa ngati madzi otentha a yapakati amatentha kuposa a yotsika. Kasitomala anabwera kudzagula machesi n'kubwerera osathandizidwa.

"Chapakati ndi chotsika ayi," anatero potsiriza. "Wina chikepe, wina masitepe? Ndidzayenda bwanji pa Naisi pano?"

"Miyendo ine ndili nayo," anatero Rahema. "Ndipatseni masitepewo, akulu atenge chikepe."

"Lero mukutero. Mawa mukakwiya mudzati anandipachika kudenga ngati chimanga cha mbewu."

"Ndinanenapo liti zotero?"

"Simunanenepo chifukwa sindinakupatsenipo mpata."

Ndinalowererapo, poti ndi ntchito imene anandipatsa. "Alamu, chipinda cha pa geti chili ndi mabedi awiri, ndaona. Amayiwa agone momwemo onse. Inu mukagone pakhonde, kulondera golosale munazolowera."

"Mkazi aliyense ali ndi khomo lake. Sindinawaunjikepo ngati matumba a chimanga."

"Chabwino. Nanga si ashehe anatiphunzitsa kuti paulendo mwamuna angachite maere, apite ndi amene agwera? Anatinso mkazi akalola yekha kutsala palibe mlandu. Awa alola, tonse tamva."

"Ashehe amanena zololedwa," anatero Che Alaudin. "Ine ndimachita zoposa pamenepo."

Munthu amene wapitirira ashehe, nkhoswe singamupeze.

Apa ndi pamene Alima analankhula. Sanakweze mawu. "Bambo a Imran, za malata zija sindinanene kanthu. Za zina zonse sindinanene kanthu. Mawondo awa mumawadziwa, mafuta opaka mumagula ndinu. Ndipatseni chipinda chapansi. Kamodzi kokha."

Ndisawanamizire alamu anga. Anayang'ana mawondowo, ndipo nkhope inawagwa. Si munthu wankhanza. Anagwira chibwano. Kenaka anati: "Ndidzakunyamulani."

"Inu?" anatero Rahema. "Thumba la shuga mumaitana akabaza."

"Imran, lembetsa ziwiri za kuseri kwa msewu."

"Ababa..."

"Apo ayi sapita aliyense. Onse atsala mofanana."

Imran anatembenukira kwa ine. "Amalume, talankhulani nawo."

"Ndinayamba kulankhula nawo iwe usanabadwe," ndinatero. "Ukuona ndapindula chiyani?"

Alima anatola ndodo yake. "Lembetsa, mwana wanga. Ndikakwawa."

Ndinayesa zatha, koma panatsala funso limodzi. Che Alaudin anafuna kudziwa ngati zipinda ziwirizo ndi zofanana ndithu. Imran anati bedi ndi lomwelo, bafa ndi lomwelo, kungoti zenera la china laloza kumsewu, la chinacho laloza khoma la nyumba ina.

"Adzasinthana pakati pa tchuthi," anatero alamu anga, n'kuyamba kupukuta sikelo ali wokhutira.

Masabata otsatira anali othamangira pasipoti ya mkazi wosafuna ulendo. Rahema anapita ku Blantyre kukajambulitsa nkhope itakwinya, ndipo pa pasipotiyo inatuluka choncho. Zikwama zinagulidwa ziwiri, mtundu umodzi. Nsapato ziwiri, ngakhale wina sankayenda. Zimene zinapita pa pasipoti, basi ndi aganyu zikanamugoneka Alima pa geti mpaka chaka chatsopano. Ndinawauza. Anati ndalama imabwerera, dzina silibwerera.

Ine ku Joni sindinapite. Zotsatirazi ndinamva kwa Rahema, amene sawonjezera nkhani, ndipo zina ndinaona pa zithunzi.

Basi ya ku Joni imadutsa Mwanza, Tete, Zimbabwe yense, munthu atapinda miyendo. Pofika, mawondo a Alima anali ngati maungu. Anaona zidzukulu zake pa depoti, anazikumbatira, analira. Mpaka pamenepo ulendo unali wabwino. Kenaka anafika pa hotela yosankhidwa mwachilungamo ija, n'kuyang'ana masitepe. Anali opapatiza, okhotakhota, opita kumwamba ngati njira ya ku phiri la Zomba.

Anayesa ndi ndodo, analephera. Imran ndi wantchito wina wa pa hotelapo anamukhazika pa mpando wapulasitiki n'kumunyamula. Che Alaudin, amene analonjeza kunyamula, anatsogola ndi zikwama zam'manja za akazi awo, china dzanja ili, china dzanja ilo. Pokhota penapake mwendo wa mpando unapindika, bondo la Alima linamenya khoma. Anakuwa mpaka alendo ena anatsegula zitseko. Atamufikitsa, wantchito uja ananena kuti abwana ake saloleza kunyamula anthu, ndipo sabwerezanso.

M'mawa mwake Imran anathamangira ku hotela ya pa geti, kenaka yapakati, kuti asinthe zivute zitani. Disembala ku Joni si Disembala wa pa Naisi. Zonse zinali zitadzaza.

Ana anakwera kudzapereka moni kwa anganga awo. Anali amanyazi, Chichewa chawo n'chothyokathyoka, ndipo maso anali kukhomo. Matikiti anali atagulidwa kale, ndipo mwana amene walonjezedwa sitima yozondoka simungamusunge m'chipinda ndi nkhalamba yachilendo. Alima anawagwira manja pang'ono, n'kunena: "Pitani, mukandiuze."

Rahema anali atavala nsapato zatsopano zija. Anati poti wabwera kale, akaone chimene anasiyira chimanga chake.

"Inu mukupita kuti?" anafunsa Che Alaudin.

"Ku paki."

"Anzanu akutsala."

"Ndiye?"

"Ndiye wina akaone, wina asaone?"

"Bambo, mwandichotsa ku Domasi, kundidutsitsa mayiko awiri, kuti ndidzaone khoma?"

"Khoma ndi la masiku oyambawa. Mukasinthana muona msewu."

Rahema anavula nsapato. Akuti sanaponye, koma anaziika pansi mwamphamvu.

Tsopano panatsala vuto la matikiti. Anali olipiriratu, ndipo sabweza. A amayi awiri aja anangowonongeka, koma kuti iwonongeke yachitatu, mtima wa munthu wa golosale sukanalola. Choncho Che Alaudin anadzipereka. Anapita okha kukaimira banja.

Zithunzi ndinaziona. Pa china akwera hatchi yamatabwa yozungulira, kofia ili pamutu, nkhope ngati ali pa mlandu. Pa china ali m'sitima yozondoka ija, kukamwa kuli yasa, kofia palibe. Pa china akunyambita ayisikirimu, Naima ali dzanja ili, Khalid dzanja ilo. Chimenechi ndi chithunzi chimene Alima anapempha kwa Mulungu zaka zonsezo. Chinatuluka bwino kwambiri. Mwalakwika munthu mmodzi yekha.

Pobwera, Che Alaudin ankabweretsa mphatso. Tsiku lina anabweretsa mabaluni awiri, ofiira onse. Ana ankafika atagona pamapewa, ndipo ankangowadutsitsa kupita nawo kuchipinda chawo. Tsiku lina Imran anawakaniza kupita, kuti akhale ndi anganga awo. Analira mpaka Alima anati: "Atengeni. Ndisakhale ine wowamana."

Chimene alamu anga sanawerengere ndi ichi. Rahema anatopa ndi khoma lake, n'kusamukira m'chipinda cha Alima usana wonse. Ankanyika thaulo m'madzi otentha n'kumathowa mawondo aja. Akazi awiriwa anali atakhala pa mwamuna mmodzi zaka zambirimbiri osakhalapo pansi awiriwiri. Ankangopatsana moni pa maliro ndi pa Idi. Che Alaudin ankati ndi bwino choncho, kupewa mikangano. Tsopano anali ndi chipinda, thaulo ndi nthawi.

Anayamba ndi malata. Anafika pa magalasi. Kenaka Alima ananena mawu ena amene mwamuna wake amamuuza akakhala awiri, oti iye ndi mthunzi wake wopumirapo. Rahema anasiya kuthowa.

"Akulu, mthunzi ndine."

"Anakuuzani liti?"

"Sabata iliyonse."

Anafufuza bwino, n'kupeza kuti ngakhale nthabwala ndi zomwezo, ndipo amasekera malo omwewo. Rahema akuti anaseka mpaka misozi. Kenaka anazindikira kuti akuseka yekha.

"Ine ndinkayesa kuti mwina pali kena kake kamene ndi kanga ndekha," anatero Alima. Sananenenso za nkhaniyo.

Zosinthana zipinda zinachitika pa tsiku lake. Alima anachita kumugwirizira kudutsa pakhonde kuti akalandire khoma lake. Kumsewu kuja ankatha kuona nsonga ya gudumu ikuzungulira patali, n'kumaganiza kuti mwina ana ali pamenepo. Kukhoma sanaonenso kanthu. Rahema anachonderera kuti zisatero. Anauzidwa kuti pangano ndi pangano.

Tsiku lobwerera Imran anabereka mayi ake kumsana, n'kutsika nawo pang'onopang'ono. Anapita onse ku depoti pa galimoto yobwereka. Atafika, Rahema anatsika, Che Alaudin anatsika, zikwama zinatsika. Alima anakhalabe, Khalid ali pamiyendo pake.

"Tsikani mayi, basi ikudzaza," anatero Che Alaudin.

"Ine ndatsala."

"Mwatsala bwanji?"

"Ndinabwera kudzaona ana. Sindinawaone."

"Mugona pati? Mwana ali ndi chipinda chimodzi."

"Pansi. Kumeneko masitepe kulibe, ndafunsa."

Mkazi wa Imran anati mkeka ulipo, ndipo amene angawaonere ana iye akapita kuntchito ankamusowa kale. Zinaoneka kuti nkhani inali itakambidwa, alamu anga ali pa hatchi.

Che Alaudin anaima pakati pa galimoto ndi basi. Anaganiza mofulumira, n'kupeza yankho la mtundu wawo. "Ndiye inunso mutsale," anauza Rahema.

"Ine chimanga," anatero Rahema, n'kukwera basi.

Pamenepo panalibe chogawa. Mkazi wina ali m'galimoto, wina ali m'basi, ndipo mwamuna ndi mmodzi, sadulika pakati. Kondakitala anakuwa. Rahema akuti anawaona pazenera akuyenda masitepe angapo chakuno, angapo chauko, ngati nkhuku yofuna poikira. Chimene chinawakweza m'basi si Rahema ayi. Anakumbukira kuti golosale anasiyira mwana wa mchimwene wawo, amene amakongoza aliyense womusekerera.

Atafika kuno anakhala pansi n'kuona kuti pali vuto. Kwa Alima sangapite, kulibe munthu. Ndiye kupita kwa Rahema kukhala kukondera. Anatenga bulangeti n'kusamukira m'golosale, kuseri kwa matumba a shuga. Rahema sanadandaule kwa aliyense. Ndinakumana naye pamsika atanenepa.

Mvula itayamba kutha, Che Alaudin anabwera kwanga m'mawa. Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala. Ndinawapatsa mpando.

"Alamu, ndinu nkhoswe. Muitaneni mlongo wanu."

"Ndimuuze kuti chiyani?"

"Kuti banja lili kuno."

Ndinatumiza uthenga kwa Rahema kuti abwere, poti nkhani ikumukhudza. Atafika ndinaimba foni, n'kukweza mawu kuti tonse timve. Kumbuyo kunkamveka ana akukanganirana kuti akhale pafupi ndi anganga ndani. Chichewa chawo chinali chitawongoka.

"Achimwene," anatero Alima, "ine sindinathetse banja. Ndibwera. Koma pali chimodzi."

Che Alaudin anasendeza mpando. "Nenani mayi. Ngati ndi denga, ndimaliza. Onse awiri."

"Si denga. Munene, achimwene akumva, anzanganso akumva, kuti pa zipinda zija munandilakwira. Ine. Osati tonse awiri. Ine ndekha, Alima."

"N'zochepa zimenezo," ndinatero. "Nenani alamu, mayunitsi akutha."

Anatsegula pakamwa. Anayang'ana foni, n'kuyang'ana Rahema.

"Ine musandiyang'ane," anatero Rahema. "Ine musandipepese. Sindikufuna. Nenani kwa akulu."

"Koma inunso munakhala m'chipinda. Inunso simunaone paki."

"Ine mawondo anga ndi abwino, ndipo zidzukulu sizinali zanga. Nenani kwa akulu, bambo."

Thukuta linawatuluka ngakhale kunali kozizira. Anavula kofia yatsopano, n'kuivalanso. Ndawaona amuna akuvomera milandu ya mimba ndi ya mbuzi zakuba mosavuta kuposa pamenepo. Potsiriza anaweramira pa foni n'kulankhula pang'onopang'ono, momveka bwino, ngati akupereka umboni.

"Ngati pali chimene ndinalakwa, ndikupepesa kwa nonse awiri."

Ku Joni tinamva Alima akuuza mwana kuti asiye kusewera ndi ketulo. "Zikomo achimwene," anatero. "Mupereke moni kumudzi." Foni inaduka.

Rahema anaimirira, anakonza chitenje, n'kupita osatsanzika. Che Alaudin anatsala atagwira mawondo awo.

"Mwamva nokha alamu," anatero. "Ndapepesa."

"Ndamva."

"Ndiye abwera liti?"

Ine ndinali ndi ntchito. Munda wa Alima ndi wa dothi labwino, sungakhale chaka chamawa osalimidwa. Masana omwewo ndinakamuonetsa malire ake mwana wa mng'ono wake, n'kumuuza kuti akakolola zake ayambe kusosa.